Phiri likaphulitsidwa, mtsinje ukaipitsidwa: tikanene kwa mfumu, kuofesi ya boma kapena kukhoti?

Kumudzi kwathu, m'munsi mwa phiri lina kuno ku Dedza, kunabwera kampani yophwanya miyala ya kwale. Miyezi yoyamba tinakondwa, chifukwa anyamata ena anapeza ganyu ndipo msewu wathu unapalidwa. Kenaka mabomba ophulitsira thanthwe anayamba kulira masana alionse. Tsiku lina azakhali anga anandiitana. "Mwanawe, tabwera udzaone khomali." Mng'alu unayambira pa windo mpaka pansi, woti chala chimalowa. Kudimba kwawo masamba a mpiru anali mbuu ndi fumbi, moti pamsika ogula ankangowatembenuza n'kuwasiya. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye tikanene kwa yani?"

Funso la azakhaliwo linatiyendetsa chaka chathunthu ine ndi anzanga a komiti. Zomwe tinaphunzira m'njiramo ndi zomwe ndalemba apa, kulembera anthu a ku Linthipe, Lobi, Golomoti, Lizulu, Tsangano, Kasinje ndi kwina konse kumene thanthwe, mtsinje kapena nkhalango ikuonongedwa anthu akungopenya.

Chinthu choyamba chomwe ambiri sitikudziwa n'chakuti khomo la khoti ndi lotsegukira aliyense. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 13, amalamula boma kusamalira chilengedwe poganiziranso mibadwo yam'tsogolo. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017, Environment Management Act, lomwe linalowa m'malo mwa la 1996, limanena pa gawo 4 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi, ndipo akhoza kusumira amene akuononga malowo. Limapitirira kunena kuti wosumayo sakakamizidwa kuonetsa kuti iye mwini wapwetekedwa kapena wataya chuma, bola mlandu wake usakhale wachibwana kapena wongofuna kuvutitsa mnzake. Maiko ena anayamba kale njirayi. Ku America inalowa m'lamulo la mpweya la 1970, Clean Air Act, ndi la madzi la 1972, Clean Water Act. Kumeneko nzika imayamba yapereka chidziwitso cha masiku 60 isanasume, ndipo chindapusa chikalamulidwa chimapita kuthumba la boma osati kwa wosuma. Ndatchula izi kuti tidziwiretu mtima wa mlandu wotere: cholinga chake ndi kuletsa chionongeko, si kulemeretsa wodandaula.

Komabe kutseguka kwa khomo sikutanthauza kuti aliyense alowere pomwepo. Mwa njira zisanu ndi imodzi zomwe ndaziyerekeza, zitatu ndi za kukhoti, ndipo ndizo zodula komanso zochedwa kuposa zinazo.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Khalani pansi monga gulu muyankhe kaye kuti mukufuna chiyani kwenikweni. Kuti ntchitoyo iime? Kuti malo oonongekawo akonzedwe? Kuti akulipireni pa khoma long'aluka ndi mbewu zakufa? Kapena kuti wolakwa alangidwe? Izi ndi zinthu zinayi zosiyana ndipo palibe njira imodzi yomwe imapereka zonse. Ife tinataya miyezi iwiri tikukangana chifukwa ena ankafuna kampani ichoke, pamene ena, amene ana awo ankagwira ntchito komweko, ankangofuna fumbi lichepe.

Dziwaninso amene mukulimbana naye. Mnansi wolima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, kampani yokhala ndi chiphaso, ndi ofesi ya boma yomwe inapereka chiphasocho, aliyense ali ndi bwalo lomugwira.

Mukatero, njira iliyonse muiyeze ndi miyeso inayi iyi. Mtengo, kutanthauza ndalama zotuluka m'thumba kuphatikizapo thiransipoti ndi masiku osapita kumunda. Kupezeka kwake, kuti bwalolo lili pati ndipo limalandira ndani. Kuilondola, kutanthauza ntchito yomwe idzakhale pa mapewa anu kuti nkhani isazizire. Ndi zoopsa zake.

Pali chinthu chimodzi chofunika panjira zonsezi, ndicho umboni wolembedwa. Gulani kope la sukulu lero lomwe. Mwathu ankasunga kope ndi mphunzitsi wina wopuma, ndipo bomba likalira ankalemba tsiku, ola, ndi nyumba yomwe yagwedezeka. Pa mng'alu wa azakhali anaikapo rula n'kujambula ndi foni mwezi uliwonse. Kope limenelo ndi lomwe linachititsa akuluakulu a m'maofesi kusiya kutiyang'ana ngati anthu ongolongolola.

Njira yoyamba: bwalo la mfumu ndi komiti ya m'mudzi

Mtengo: chabwalo ndi tsiku limodzi. Palibe njira yotsika mtengo kuposa iyi.

Kupezeka kwake: nyakwawa ali pakhomo panu, ndipo nkhani ikamukulira imakwera kwa gulupu mpaka kwa mfumu yaikulu ya dera, kaya ndi kwa Kachindamoto, Kaphuka, Kasumbu, Njolomole, Kwataine kapena Ganya. Lamulo la nkhalango la 1997 limazindikiranso komiti za m'midzi zoyang'anira zachilengedwe, zomwe zimatha kukhala ndi malamulo awoawo pa nkhalango ya mudzi.

Kuilondola: chigamulo cha pabwalo chilembedwe ndipo mfumu idinde chidindo chake. Mawu a pakamwa amauluka, ndipo mukadzapita kuofesi ya boma adzakufunsani ngati a mfumu akudziwa.

Zoopsa zake: apa ndilankhule mosabisa ngakhale mafumu athu ndimawalemekeza. Mfumu ilibe mphamvu yotseka kampani yomwe chiphaso chake chinachokera ku Lilongwe. Nthawi zina ndi mfumu yomweyo yomwe inaonetsa malowo kwa kampani, ndiye simungayembekezere kuti idzitsutse yokha. Palinso chibale. Wootcha makala akakhala mphwake wa nyakwawa, mlandu umangoti "tidzaukambe pabanja". Choopsa chachikulu ndi nthawi, chifukwa mukamazengereza pabwalo masiku oikika a kukhoti akutha, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Njira yachiwiri: kudandaula kumaofesi oyang'anira chilengedwe

Iyi ndi njira yomwe ndimailimbikitsa kwa anthu ambiri, ndipo ndi yomwe inatithandiza ife.

Mtengo: kudandaula n'kwaulere. Mudzalipira minibasi yopita kuboma, kulembetsa kalata pa kompyuta ndi fotokope.

Kupezeka kwake: pa khonsolo iliyonse, ya Dedza ndi ya Ntcheu yomwe, pali mkulu woona zachilengedwe pansi pa bwanamkubwa. Pamwamba pake pali MEPA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017 lija, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Bungweli ndi lomwe limavomereza kafukufuku woona mmene ntchito yaikulu ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, amene ambiri amangomutchula kuti ESIA. Lili ndi mphamvu yoyendera malo, kuimitsa ntchito ndi kulamula woononga kuti akonze. Nkhani ikakhala ya kupatutsa mtsinje kapena kuthiramo zoipa, ilinso m'manja mwa National Water Resources Authority malinga ndi lamulo la madzi la 2013. Ikakhala ya kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa monga Chongoni, Dedza-Salima, Mua-Livulezi kapena Mvai, pitani kuofesi ya zankhalango ndi kupolisi. Lamulo la nkhalango linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakwera. Dziwani kuti pa mlandu wa upandu wozenga ndi boma. Inu mumangokhala mboni.

Pali chida china chomwe anthu akumudzi sitinachizolowere. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndipo limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe pempho. Lembani kupempha chiphaso cha kampaniyo ndi lipoti la ESIA. M'lipotimo mumakhala malonjezo a kampani, monga kuthira madzi pamsewu, maola ophulitsira miyala ndi kukwirira maenje ikamachoka. Mukawadziwa malonjezowo, dandaulo lanu limasiya kukhala "tikuvutika" n'kukhala "analonjeza ichi pa tsamba lakuti, sanachite".

Kuilondola: apa ndi pamene ambiri amagwera. Ulendo wathu woyamba ku ofesi ina tinangolankhula pakamwa, bwanayo anamvetsera bwino n'kutilonjeza kuti abwera. Patatha miyezi itatu tinakapeza atasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake sankadziwa kanthu. Kuyambira pamenepo tinkapita ndi makalata awiri ofanana, imodzi kusiya, inayo atidindire tsiku n'kubwerera nayo. Sankhani anthu awiri oti azikayenderako pakatha milungu iwiri iliyonse. Itaniraninso khansala wanu ndi wapampando wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera lanu, kuti nkhaniyo ilowe m'maminitsi a misonkhano ya khonsolo.

Zoopsa zake: maofesiwa nthawi zambiri amakhala ndi antchito ochepa ndi mafuta a galimoto osakwanira, kotero nkhani ikhoza kugona. Akabwera kudzayendera, kampani imatha kudziwiratu n'kuthira madzi tsiku lokhalo. Chindapusa chikaperekedwa chimapita kuboma. Kwathu zotsatira zake zinali zoti thanki ya madzi inayamba kuyenda pamsewu m'mawa ndi madzulo, ndipo mabomba anaikidwa ola limodzi lodziwika ndi belu lochenjeza. Fumbi linachepadi. Koma khoma la azakhali palibe analilipira, chifukwa njira iyi siinapangidwire zimenezo.

Njira yachitatu: Ombudsman ndi bungwe la ufulu wa anthu

Mtengo: ulere, ndipo loya safunika.

Kupezeka kwake: Ombudsman ali ndi likulu ku Lilongwe, ndipo a ku Ntcheu angafupikirenso ofesi ya ku Balaka. Iye amafufuza maofesi a boma amene sakugwira ntchito yawo mwachilungamo. Simungamutengere kampani ya munthu wamba, koma mungamutengere ofesi yomwe yakhalira dandaulo lanu miyezi osayankha. Malawi Human Rights Commission imalandira madandaulo okhudza ufulu wa anthu, ndipo ndi yomwenso imayang'anira lamulo la uthenga lija. Akakukanizani lipoti la ESIA, kadandauleni kumeneko.

Kuilondola: adzafuna makalata odindidwa aja. Popanda iwo alibe poyambira.

Zoopsa zake: madandaulo amakhala ochuluka, ndiye musayembekezere yankho la sabata yomweyo. Njirayi siingaimitse galimoto yomwe ikukumba mchenga lero. Ndiponso Ombudsman amagwira nkhani zomwe zilibe njira ina yapafupi yozithetsera kukhoti, kotero musathamangire mbali zonse ziwiri nthawi imodzi musanafunse.

Njira yachinayi: kusuma nokha kukhoti lalikulu kuti chionongeko chiime

Uwu ndi mlandu wa gawo 4 uja. Mumapempha khoti kuti liletse ntchito yoononga, kuti likakamize wogwira ntchito m'boma kuchitapo kanthu, kapena kuti ntchitoyo ifufuzidwe mmene ikukhudzira chilengedwe. Mphamvu yake ndi yaikulu, chifukwa chiletso cha khoti munthu sachinyozera. Wochinyozera akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa.

Mtengo: apa ndi pamene pamafunika kuwerengera mofatsa, chifukwa ndalama zimatuluka m'makomo anayi. Loyamba ndi loya. Lachiwiri ndi zolipira kukhoti pa pepala lililonse lomwe mwapereka. Lachitatu ndi maulendo, poti khoti lalikulu la chigawo chathu chapakati lili ku Lilongwe, pafupifupi makilomita 85 kuchokera pa Dedza boma ndi pafupifupi 160 kuchokera pa Ntcheu, ndipo mboni iliyonse iyenera kukwera, kudya, mwina ndi kugona. Lachinayi, lomwe ambiri amaliiwala, ndi katswiri. Woweruza sangakhutire ndi mawu oti madzi akununkha. Pafunika kuti ayezedwe ku labotale yodziwika, monga ya Malawi Bureau of Standards, ndipo wotunga madziwo alembe malo, tsiku ndi ola. Kampani idzabwera ndi katswiri wake wonena kuti fumbi lili pa mlingo wololedwa, ndipo inu mudzafunika wanu woti amutsutse.

Kupezeka kwake: lamulo limalola munthu mmodzi, gulu kapena bungwe. Amene alibe ndalama ya loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, komwe amaona kaye mmene munthu amapezera komanso ngati mlandu wake uli ndi mutu. Maloya akumeneko amakhala ndi milandu yambiri, makamaka ya anthu omwe ali m'ndende, choncho pitani ndi fayilo yokonzedwa kale. Njira ina ndi kupeza bungwe loti liyende nanu. CEPA ya ku Blantyre imagwira ntchito pa malamulo a chilengedwe ndi migodi, CCJP ya mpingo wa Katolika, yoona za chilungamo ndi mtendere, imapezeka mu dayosizi ya Dedza, ndipo ofesi ya paboma ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo, ingakulozereni koyenera. Bungwe likalowapo katundu amapepuka, koma funsanitu kuti mwini mlandu ndani. Mu 2007 mabungwe angapo anatengera kukhoti nkhani ya mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, ndipo chaka chomwecho nkhaniyo inathera pa mgwirizano wa kunja kwa khoti. Mgwirizano wotere ukhoza kukhala wabwino, koma ngati dzina lanu silili pa mapepala a mlandu, ena ndi amene adzasaine m'malo mwanu.

Kuilondola: konzekerani zaka, osati miyezi. Malamulo a khoti lalikulu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri idutse kaye kwa mkhalapakati isanazengedwe, ndipo pamenepo gulu liyenera kukhala litagwirizana kale zomwe lingavomere ndi zomwe lingakane. Padzakhala masiku oti mwafika ku Lilongwe m'mawa n'kumva kuti mlandu wasunthidwa. Mboni zina zidzapita ku Joni, zina zidzamwalira, kotero umboni wawo ulembedwe ndi kulumbiridwa msanga. Gulu likhale ndi msungichuma wolemba tambala iliyonse n'kuwerenga poyera, chifukwa milandu yambiri ya m'magulu imafa ndi kukayikirana pa zopereka, kampani isanayankhe n'komwe.

Zoopsa zake: mukagonja, khoti likhoza kulamula kuti mulipire zomwe mnzanuyo waononga pa mlanduwo. Popempha chiletso cha msangamsanga, mlandu usanazengedwe, kawirikawiri mumalonjeza kuti mudzabweza zomwe kampani yataya ngati zitadzapezeka kuti chiletsocho sichinali choyenera. Ganizirani kuti kwale yaima miyezi itatu, ndalama zake n'zingati? Mufunseni loya wanu za lonjezo limeneli musanasaine. Palinso apilo. Onani nkhani ya majumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani anathamangira kukhoti kukatenga ziletso, ndipo khoti la apilo linadzagamula mokomera chiletso cha boma mu Julaye 2019. Ngakhale pambuyo pake kulimbana kunapitirira. Gloria Majiga-Kamoto, amene anali patsogolo pokankha nkhaniyi, analandira mphoto ya Goldman, yopatsidwa kwa oteteza chilengedwe, mu 2021, koma zaka zinayi zija majumbo anali akupangidwabe. Amene ali ndi ndalama amadziwa kugwiritsa ntchito kuchedwa kwa khoti.

Choopsa china sichili m'mabuku a malamulo. Mudzi umagawanika. Amene ataya ganyu chifukwa cha chiletso adzakuonani pamaliro ndi pachitsime. Ndiponso samalani pakamwa ndi pa Facebook. Nenani zomwe muli nazo umboni, chifukwa kampani ikhoza kukusumirani kuti mwaiipitsira mbiri, n'kupezeka kuti mukuyankha mlandu m'malo mozenga.

Njira yachisanu: kupempha khoti liunikenso chiganizo cha boma

Iyi ndi yosiyana ndi yachinayi. Apa wosumiridwa ndi ofesi yomwe inapereka chiphaso kapena chilolezo, ndipo funso ndi lakuti kodi inatsata malamulo popereka? Kodi ESIA inachitika? Kodi anthu okhudzidwa anafunsidwa maganizo, kapena anangosainitsa anthu asanu pansi pa mtengo? Mu 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society linatsata njira imeneyi pa ntchito yopopa madzi kuchokera kunyanja ku Salima kupita ku Lilongwe, ponena kuti kafukufuku wa chilengedwe anali asanachitike.

Mtengo: loya ndi wofunika ndithu, koma nthawi zambiri umatsikirapo poyerekeza ndi njira yachinayi, chifukwa mlandu umayenda pa mapepala olumbiridwa ndipo mboni zokwera minibasi zimachepa.

Kupezeka kwake: khoti lalikulu lokha, ndipo mumayamba mwapempha chilolezo kwa woweruza. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo pabwalo la mfumu n'zoona. Kukhoti umaola. Pempho lotere liyenera kuperekedwa msanga, pasanathe miyezi itatu chiperekedwereni chiganizocho. Anthu ambiri amadzidzimuka mathirakitala atafika kale, chiphaso chitatuluka chaka chatha. Mukangomva mphekesera yoti malo akuti apimidwa, lembani kalata yofunsa tsiku lomwelo.

Kuilondola: ntchito yaikulu ili poyamba, kusonkhanitsa mapepala nthawi isanathe.

Zoopsa zake: khoti limaona njira yomwe chiganizo chinadzera, osati ubwino kapena kuipa kwa ntchitoyo. Likhoza kufafaniza chiphaso, ofesi n'kubwereza zonse motsata malamulo, n'kuchiperekanso. Mwapindula mpata womveka ndi malonjezo okhwima, koma mwina kampani siichoka.

Njira yachisanu ndi chimodzi: mlandu wa chipukuta misozi

Uwu ndi womwe ukanalipira khoma la azakhali. Apa chifundo cha gawo 4 chija palibe. Muyenera kuonetsa kuti inuyo mwataya chakuti, mtengo wake ndi wakuti, ndipo chinachititsa ndi ntchito ya wosumiridwayo. Kampani idzanena kuti nyumbayo inamangidwa ndi dothi popanda maziko olimba, kapena kuti mwana anadwala chifukwa cha chitsime china. Zithunzi zokhala ndi masiku, buku la kuchipatala ndi lipoti la mlangizi wa zaulimi ndi zomwe zimayankha zimenezo.

Zimatheka. Mu 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe anamwa madzi a m'mipope osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji. Anasuma ngati gulu ndipo khoti lalikulu linagamula mowakomera, ngakhale panadutsa zaka. Iwo anali ndi tsiku lodziwika, mpope wodziwika, ndi anthu ambiri odwala nthawi imodzi.

Mtengo: wofanana ndi wa njira yachinayi, koma mukakhala ambiri mumagawana. Mukagwirizana ndi loya kuti adzalipidwa mlandu ukatha, mgwirizanowo ulembedwe ndipo uwerengedwe m'Chichewa pamaso pa onse.

Kupezeka kwake: zing'onozing'ono, monga mbuzi zakufa kapena dimba limodzi, zingathe kupita kukhoti la majisitireti paboma pomwepo. Zikuluzikulu ndi za khoti lalikulu. Panonso nthawi ili ndi malire. Pa kuvulala kapena kudwala ndi zaka zitatu, pa katundu ndi zisanu ndi chimodzi. Wosumiridwa akakhala boma, pamafunika chidziwitso cholembedwa cha miyezi itatu musanasume.

Kuilondola: mndandanda wa odandaula utsekedwe msanga, aliyense ndi zotaya zake. Mbiri ya ndalama ikamveka, amalowa ndi ena omwe nyumba zawo zili kutali, ndipo dzina limodzi labodza limafooketsa umboni wa onse.

Zoopsa zake: kampani ikhoza kuyenda khomo ndi khomo ndi envulopu ndi pepala loti musaine kuti nkhani yatha. Njala ya Febuluwale ikafika, ndi ochepa angakane. Kampani yomanga msewu imathanso kusamuka ntchito ikatha, inu n'kutsala ndi chigamulo chopanda womulipiritsa. Ndiponso ndalama sizitseka fumbi. Mukhoza kulipidwa mabomba akulirabe.

Vuto lanu ndi liti?

Ngati ndi mnansi amene akulima mpaka m'madzi mu Linthipe kapena Livulezi, kapena akudula mitengo ya kumanda ndi ya nkhalango ya mudzi, pitani kwa mfumu ndi komiti. Kumutengera munthu wotere ku Lilongwe ndi kuononga ndalama ndi ubale womwe.

Ngati ndi magalimoto a makala otuluka usiku m'nkhalango yotetezedwa, lembani manambala ake ndi maola, mupereke kuofesi ya zankhalango ndi kupolisi. Musawatchingire njira nokha, anthu amenewa sayenda chimanjamanja.

Ngati ndi kwale, chigayo, fakitale kapena malo otayira zinyalala omwe akukuvutitsani koma simukufuna kuti achoke, yambani ndi khonsolo ndi MEPA, mutapempha kaye lipoti la ESIA. Miyezi iwiri kapena itatu ikadutsa makalata anu odindidwa osayankhidwa, atengereni kwa Ombudsman.

Ngati chiphaso changotuluka kumene ndipo palibe anakufunsani, musadikire bwalo lililonse. Pezani loya kapena bungwe sabata yomweyo chifukwa cha miyezi itatu ija, ndipo zina zonse zidziyenda pambali.

Ngati chionongekocho n'chosabwezeka, monga mankhwala akuthiridwa mu mtsinje womwe midzi ikumwa, kapena thanthwe la zojambula zamakedzana za ku Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, likufuna kuphwanyidwa, ndipo maofesi mwawauza koma sakusuntha, pamenepo mlandu wa gawo 4 ndi woyenera mtengo wake. Pitani ngati gulu, ndi bungwe pambali panu, mutamvetsa lonjezo la pa chiletso.

Ngati mwataya nyumba, ziweto kapena thanzi ndipo kope lanu lili ndi masiku ndi zithunzi, tsegulani mlandu wa chipukuta misozi kampani isanasamuke. Mungauphatikize ndi pempho la chiletso mu mlandu umodzi, loya wanu akaona kuti n'koyenera.

Pali mavuto ena omwe alibe munthu mmodzi womuloza chala. Damu la Mpira ku Ntcheu, lomwe limamwetsa anthu mpaka ku Balaka, linaphwa mu 2018 mvula itachepa, mitengo ya kumtunda kwake itatha ndipo matope atadzaza. Odula mitengoyo ndi mazanamazana, ena ndi abale a omwe anasowa madziwo. Samani mungaipereke kwa yani? Nkhani yotere malo ake ndi malamulo a khonsolo, mafumu a madera onse ozungulira atakhala pamodzi, ndi komiti zokhala ndi nazale zawo. Khoti lingalowepo pokhapokha mutapeza ofesi yomwe lamulo linaipatsa ntchito yoteteza malowo, mwailembera, ndipo yakana kuigwira.